Nyama Yopakidwa Buluu

Ristin atalowa m'khitchini, anapeza kachidutswa ka mafuta a nyama patebulo, kali ndi utoto wa buluu. Utotowo anaudziwa. Aboma ankaupaka pa nyama ya mphalapala zoweta zolephera pa makina oyezera poizoni, chigwereni mvula ya poizoni wa ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl pa ndere zimene ziwetozo zimadya.

Apongozi ake, mayi Sigga, ankavundula mphika. Sunna, mwana wa Ristin wa zaka ziwiri, anali atagwira kale supuni.

"Amayi, nyamayi mwaitenga kuti?"

"Pa mphalapala ya mdzukulu wangayu, imene ndinamupatsa atamera dzino loyamba. Ndiikwirire ngati galu?"

"Inalephera pa makina. Mwangodula utotowo basi!"

"Ikununkha? Ili ndi mphutsi? Make Sunna, sukulu unaithawa wekha, lero wasanduka dokotala?"

Ristin analanda supuni m'dzanja la mwana. Sunna analira.

"Sindinaithawe, ndinaisiyira mimba ya mwana yemweyu. Koma nambala ndimawerenga."

Mwamuna wake Nejla analowa, nsapato zili chipale chofewa chokhachokha, n'kuyang'ana pansi.

"Kamodzi kokha, Ristin. Amayi asangalale."

"Kamodzi? Mwendo wina aubisa kuseli kwa nkhuni, ndauona. Sankhani lero, bambo a Sunna. Kapena mphikawu utuluka, kapena ine ndi mwana tikwera basi ya masana."

Anatsegula kabati, n'kuyamba kuponya zovala za mwana m'chikwama. Nejla anatuluka, chitseko n'kumenyetsa.

Mayi Sigga anakhala pampando, misozi ikutsika.

"Mwana wosalawa nyama yathu adzakhala wa ndani? Adzakula ndi soseji ya m'sitolo, osadziwa ngakhale dzina la fupa limodzi. Tatha ife."

Ristin anaima kanthawi, kajuzi kali m'manja. Kenako anavuula fupa la mwendo mumphika, n'kuliika pathabwa patsogolo pa gogoyo.

"Muonetseni. Mumuuze dzina lake, ndi mmene timaswera kuti mafuta atuluke. Aone, amve. Koma m'kamwa ayi, mpaka makina adzavomere."

"Nanga akadzavomera ine nditapita?"

"Ndidzamuphikira ndine. Ndiye mundiphunzitse bwinobwino, musandinyoze."

Mayi Sigga anapukuta m'maso, n'kukokera mwanayo pamiyendo. Analiswa fupalo ndi msana wa mpeni. Sunna atatambasula dzanja kuti atape, gogoyo yekha anagwira kadzanjako.

"Ayi, mwanawe. Izi ndi za ife nkhalamba."