Luwiza ndi Khadi la Pansi

Luwiza ankakhala ku Mkanda. Anali mu Sitandade 3. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kudziwa sewero la makhadi la amalume ake.

Amalume akewo anali a Vitus. Ankagulitsa mtedza ku Chipata. Ankayenda pa njinga. Tsiku lina anabwerako ndi paketi ya makhadi. M'paketimo munali kapepala. Kapepalako kankaphunzitsa masewero odabwitsa.

A Vitus ankauza munthu kuti asankhe khadi limodzi. Khadilo linkalowa pakati pa makhadi ena. Koma a Vitus ankalipeza. Nthawi zonse ankalipeza.

Luwiza anapempha kuti amuphunzitse. Anapempha m'mawa. Anapempha masana. Anapempha amalume akupopa njinga. Mwana ameneyu akafuna chinthu, makutu ako sapuma. Mapeto ake amalume anagonja.

"Ndikuphunzitsa," anatero a Vitus. "Koma chinsinsi chake usauze munthu. Walonjeza?"

"Ndalonjeza, amalume."

Chinsinsicho chinali chaching'ono. Uyambe wasuzumira khadi la pansi. Ulikumbukire. Mnzako asankhe khadi lake. Aliike pamwamba. Kenako ugawe makhadi pakati. A pansi abwere pamwamba. Tsopano khadi lako lagona pamwamba pa khadi la mnzako. Uzivundukula limodzilimodzi. Ukaona lako, lotsatira ndi lake. Basi.

Chovuta chinali kusuzumirako. Diso la Luwiza linkachedwa.

"Ndakuona," ankatero amalume.

Luwiza ankayesanso.

"Ndakuonanso."

Luwiza anayeserera kuseri kwa nkhokwe. Anayeserera pamaso pa mbuzi. Mbuzi sinadabwe. Inangofuna kudya khadi. Patatha masabata awiri, diso la Luwiza linafulumira. Amalume sanamuonenso. Anamusiyira makhadiwo, n'kukwera njinga ulendo wa ku Chipata.

Masiku amenewo sukulu inali itangokhala yaulere. Ana anachuluka kwambiri. Kalasi ya Luwiza inkaphunzira pansi pa mtengo. Luwiza ankabwera ndi thumba lokhalira. Pathumbapo ankakhala awiri. Theka linali la Luwiza. Theka linali la Imelda, mnzake wapamtima.

Nthawi yopuma itakwana, Luwiza anatulutsa makhadi. Imelda anasankha khadi la mitima isanu. Luwiza analipeza. Imelda anasankha lina. Luwiza analipezanso. Anasankha lachitatu. Luwiza analipezanso.

Luwiza anadikira kuti anzake aombe m'manja. Koma palibe anaomba. Wina ananong'ona kuti amenewa ndi matsenga. Wina anati Luwiza waphunzitsidwa ufiti. Ana anasunthira kutali. Imelda nayenso anaimirira.

M'mawa mwake Luwiza anayala thumba. Imelda sanabwere kudzakhala. Anakakhala pa njerwa, kumapeto kwa kalasi. Amayi ake anali atamuletsa kusewera ndi Luwiza.

Theka la thumba linakhala lopanda munthu. Linakhala choncho Lachitatu. Linakhala choncho Lachinayi. Linakhala choncho Lachisanu. Luwiza anamva chisoni kwambiri. Analira panjira yonse yobwerera kwawo.

Nanga atani? Akanena chinsinsi, aphwanya lonjezo. Akapanda kunena, ataya mnzake. Ndipo amalume anali kutali.

Luwiza anakhala kuseri kwa nkhokwe. Anaganiza. Anaganizabe. Kenako anakumbukira mawu aja a amalume akuti "Ndakuona." Paja diso likachedwa, munthu amaona yekha. Safunika kuuzidwa. Luwiza anapukuta misozi.

Loweruka anapita kwa Imelda. Amayi ake a Imelda anali pakhonde. Ankatong'ola mtedza m'lichero. Luwiza anaodira. Anagwada n'kupereka moni. Mayiwo ataona makhadi, nkhope inasintha. Anamuuza kuti zinthu zakezo abwerere nazo. Imelda anabisala kumbuyo kwawo.

 Koma Luwiza sanadzuke.

"Amayi, chinsinsi sindinena, chifukwa ndinalonjeza," anatero. "Koma ndichita pang'onopang'ono. Inu muzingoyang'ana maso anga."

Mayiwo anamuyang'ana Luwiza. Mwanayu ankamudziwa kuyambira ali kumsana. Anavomera, koma anati asankha khadi ndi iwowo, osati Imelda.

Luwiza anapendeketsa makhadi. Anayang'ana khadi la pansi. Analiyang'ana nthawi yaitali. Masabata awiri anavutika kubisa diso limeneli. Lero ankalionetsa dala. Zinamuwawa pang'ono.

Mayiwo anasankha khadi, ndipo Luwiza analipeza. Koma mayiwo sanaone kanthu. Maso awo anali pakhosi pa Luwiza. Ankafufuza chithumwa.

"Ndichitenso, amayi?"

Mayiwo anagwedeza mutu kuvomera.

Luwiza anachitanso. Anachedwa kuposa poyamba. Anayang'ana khadi la pansi ngati nkhuku yaona chimanga. Imelda anasuzumira paphewa pa amayi ake.

"Amayi, wayang'ana la pansi," ananong'ona Imelda.

Luwiza anasunga lonjezo lake. Pakamwa anatseka. Koma mtima unagunda ndi chimwemwe.

Anachitanso kachitatu. Tsopano maso anayi anali pa khadi la pansi. Analiona likukwera pamwamba. Analiona likutuluka. Anaona lotsatira.

Amayi ake a Imelda anaika lichero pamwendo. Anapukuta manja pa chitenje. Anati awapatse makhadiwo. Anasuzumira la pansi. Imelda anasankha khadi n'kuliika pamwamba. Mayiwo anagawa makhadi pakati. Zala zawo zinkachedwa. Anavundukula limodzi. Anavundukula lina. Anavundukulabe. Kenako anaima.

"Lako ndi ili?"

"Ndi lomwelo, amayi."

Mayiwo anayamba kuseka. Anaseka mpaka lichero linagwa. Mtedza unamwazika pakhonde ponse. Nkhuku zinathamangira, ndipo atsikana awiriwo anazithamangitsa limodzi.

"Matsenga ake ndi omwewa?" anatero mayiwo akupukuta misozi. Kenako anamugwira Luwiza dzanja. "Pepa, mwana wanga. Tinakulakwira."

Anamupatsa mtedza wodzaza manja awiri.

Lamlungu masana amalume anabwera. Njinga yawo inali fumbi lokhalokha. Anapeza Luwiza ndi Imelda pa mphasa. Imelda anawapempha kuti asankhe khadi. A Vitus anasankha. Imelda analipeza.

A Vitus anayang'ana Luwiza. Kenako anayang'ana Imelda.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe, amalume. Ndinaona ndekha."

Luwiza anawafotokozera zonse. Anafotokoza za thumba. Anafotokoza za njerwa. Anafotokoza za diso lochedwa dala. Ankaopa kuti amalume akwiya.

Amalume sanakwiye. Anati Luwiza wachita bwino. Lonjezo wasunga, ndipo mnzake sanamutaye. Anatinso sewero ndi losangalatsa anthu. Likayamba kuopseza anthu, chinsinsi chake chilibenso ntchito. Atatero anatulutsa kapepala kaja m'thumba la malaya. Munali sewero lina. Anawaphunzitsa onse awiri. Amayi ake a Luwiza anabwera kudzasankha khadi. Abambo akenso anasankha. Onse anaomba m'manja.

Lolemba linafika. Paja Imelda za sewero loyamba lija sanalonjeze munthu. Ndipo Imelda pakamwa pake sipakhala nkhani. Nthawi yopuma isanathe, kalasi yonse inali itadziwa za khadi la pansi. Aja ankanena za ufiti anachita manyazi. Kenako nawonso anapempha kuti ayese.

Belu linalira. Ana anabwerera pansi pa mtengo. Luwiza anayala thumba lake. Ana anayi anathamangira kuti akhale naye. Luwiza anaika dzanja pathumbapo.

"Pano pali mwini wake," anatero.

Imelda anasiya njerwa ija. Anabwera n'kukhala pa theka lake.