Zala za Rowland

Chinayamba ndi fungo. Fidelis, dalaivala wa basi wochokera ku Chipata, atangolowa m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yosanja chimene iye ndi mkazi wake Esnat anachita lendi ku Lewisham, kudziko la azungu, anamva kununkha mafuta opserera ndi madzi a mchere. Mwininyumba, mayi wachizungu wokalamba, anangoti chipindacho chinali cha mlongo wake Rowland, msilikali wa pamadzi amene anafa pankhondo ya 1982, sitima yawo itaphulitsidwa.

Esnat ankagwira shifiti ya usiku kuchipatala, ndiye Fidelis ankagona yekha. Poyamba ankangomva mapaipi a hita yotenthetsera m'nyumba akugunda ngati wina akuwamenya ndi sipanala, kenako zii. Koma usiku wina, mumdima wa bii, chinthu chinam'gwira pakhosi, n'kum'tsomphola pabedi, n'kum'khwekhwereza mpaka mutu kukawomba chitseko. Anatsitsimuka m'kamwa muli magazi, dzino lili pakapeti. Pakhosi panali zipsera za zala, zakupsa ngati wadindidwa ndi chitsulo chamoto.

"Munamwa inu," anatero Esnat m'mawa. Ataona pakhosipo, anakatenga mankhwala a zilonda.

Chitabweranso chinapeza chitseko chosakhoma. Chinam'kokera kunja, mawu osasa akum'kuwira m'khutu kuti, "Tuluka! Tuluka!" Chinam'ponya pamasitepe, mkono n'kuthyoka kuti thyo. Kuyambira pamenepo banjalo linayamba kukhoma chitseko n'kutsekerapo kabati.

Lamlungu lina mu Novembala, kutchalitchi kunali mwambo wokumbukira Rowland, ndipo mwininyumba anapempha Fidelis kuti am'perekeze. Esnat anatsala, akugona tulo ta shifiti. Potuluka m'tchalitchimo kunali kutada kale. Nkhalamba ina ya mamendulo pachifuwa, dzina lake Adrian, inayang'anitsitsa khosi la Fidelis, kenako inamasula kolala yake. Pakhosi pa nkhalambayo panali zipsera zomwezo.

"Mwazitenga kuti?" inanong'ona.

"Ndimagona m'chipinda chake."

Adrian anagwira khoma. "Sitima ikuyaka, ifeyo tili m'tulo, Rowland anatikoka mmodzimmodzi, manja ake akupsa. Sankaona kuti wina wathyoka pati, bola atuluke. Anafa atabwerera kukatenga wina."

"Tsopano timakhoma chitseko," anatero Fidelis. "Sangatiponyenso pamasitepe."

Nkhalambayo inam'gwira mkono wabwinowo mwamphamvu. "Musakhome! Nafenso chitseko chinakana. Anatitulutsira pabowo limene bomba linaboola, n'kutiponya m'nyanja. Muli munthu m'chipindamo?"

Fidelis anatulutsa foni n'kuimbira Esnat. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo? Mwandidzutsiranji?" Mawu a Esnat anali atulo.

"Chotsa kabatiyo! Tsegula chitseko, tuluka!"

"Dikirani, magetsi sakuyaka. Kodi akumenya mapaipiwa ndani?"

Fidelis anali atayamba kale kuthamanga, foni ili kukhutu. Anamva Esnat akukuwa dzina lake, mapazi akukhwekhwerezeka pakapeti. Kenako galasi la zenera linasweka.