Usiku Umene Nkhalamba Inazima pa Mlatho

Sipanala anatseka galaja yake nthawi itadutsa kale 11 koloko usiku. Anzake a m'magalaja oyandikana anali atapita kalekale, ndipo mlonda wa pamalo ogulitsira matayala anali atapinda khosi pampando. Dzina lenileni la mmisiriyu anthu analiiwala. Ankangomutchula Sipanala, chifukwa ngakhale ku ukwati wa mwana wake anapita ndi sipanala m'thumba la jekete.

Chimene chinamuchedwetsa chinali Nkhalamba, galimoto yake yakale ya folo wilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Anaigula zaka makumi atatu zapitazo itagona pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo anaidzutsa yekha, bawuti ndi bawuti. Ana ake onse atatu anaphunzirira manambala pa masipanala, atagona chagada pansi pa galimoto imeneyo. Inalibe wailesi. Zitseko zinkatsekeka ndi phewa, ndipo mvula ikagwa wokhala kutsogolo ankafunda pulasitiki pamiyendo. Koma ikalowa m'matope momwe magalimoto onyezimira a masiku ano amalira ngati makanda, iyo inkangotsokomola kamodzi n'kutulukira tsidya linalo.

Sabata imeneyo Sipanala anaikweza. Anachotsa masipuling'i akale amene anali atafooka, anaika aatali, anamanga matayala a mano akuluakulu, n'kuwotcherera chitsulo chochindikala pansi pa injini kuti miyala isaboole. Zonsezi ankachitira mkazi wake. Mayiyo anali atadwala chaka chathunthu, ndipo madokotala anali atasiya kulonjeza. Tsiku lina Sipanala akumupatsa mankhwala, mayiyo anamugwira dzanja.

"Bambo, ndisanafooke kwambiri, mukandionetse nyumba imene ndinabadwiramo."

Nyumbayo inali pamwamba pa phiri, kumene kale kunali kampani yocheka matabwa. Mayiyo anachokako ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, banja lawo litasamukira m'tauni, ndipo sanabwerereko. Kampani inatsekedwa, msewu mvula inaudya mpaka kusanduka ngalande. Mchimwene wa mayiyo yekha ndiye anabwererako atapuma pantchito, n'kumalima. Tsiku la ulendo linali litakwana: ananena kuti anyamuka kukacha.

Sipanala analiza injini, n'kulowa msewu wa kunyumba umene unkazungulira kunja kwa tauni. Ankayendetsa pang'onopang'ono, khutu lili kwa masipuling'i atsopanowo. Koma maganizo anamuthawa, napita kutali. Anakumbukira ulendo wawo woyamba pa galimotoyi, pamene inatitimira mpaka m'zitseko, mkazi wake n'kutsika ndi diresi lake loyera kukaika miyala pansi pa matayala, akuseka mpaka misozi. Anakumbukira ana akugona kumbuyo atasanjikizana ngati tiana ta mphaka, mayi awo akuimba chapansipansi kuti dalaivala asawodzere. Masiku amenewo mafuta ankawathera panjira, koma kuseka sikunkatha.

Atangotsika pa mlatho wakale wachitsulo, nyali zinaphethira. Injini inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Zii.

Anapotoza kiyi. Palibe. Tochi anali ataiiwala pa benchi, foni inali itatha moto. Anatsegula boneti n'kupapasa mumdima, koma zala sizinapeze kanthu.

"Iwe Nkhalamba, masiku onsewa unali kuti? Usankhe lero?"

Anaikankhira m'mbali mwa msewu, anakhoma zitseko, n'kuuyamba wapansi. Kunyumba kunali mtunda wa ola limodzi.

Patsogolo pang'ono, njira inkadutsa pa galaja yakale ya kampani ya matabwa ija, pamene magalimoto ake ankagona akatsika kuphiri. Denga linali litagwa mbali imodzi, mawindo ali pululu opanda magalasi. Ali mnyamata, Sipanala ankamva amisiri achikulire akusimba kuti pamenepo pankandanda magalimoto a folo wilo khumi ndi awiri, onse obiriwira, ndipo madalaivala ake ankawakonza okha. Masana ankapadutsa osacheuka n'komwe. Usiku anali asanapadutsepo wapansi.

Ali m'mbali mwa mpanda wakugwa wa galajayo, anamva.

Ngwe... ngwe... ngwe...

Mmisiri aliyense amalidziwa phokoso limenelo. Linali la sipanala ikugogoda chitsulo.

Anaima. Phokoso linaima. Anayenda. Linayambanso.

Anadziuza kuti ndi lata lomasuka, mphepo ikulimenyetsa. Koma kunalibe mphepo. Ngakhale udzu sunkagwedezeka.

Anafulumiza. Kenako fungo linamupeza, fungo lakuthwa la mafuta a buleki, ngati wina wataya botolo lonse pamapazi pake.

"Mwaikweza bwino, amisiri."

Mawuwo anamvekera paphewa penipeni. Anatembenuka... munthu!

Anali mwamuna wovala ovolosi ya mabatani achitsulo, yamtundu umene unasiya kusokedwa kalekale. Mwezi unali wochepa, koma nkhope yake inkaoneka bwinobwino. Anali wamng'ono kwa Sipanala, wosafika zaka makumi anayi. Dzino lina lakutsogolo linali lobenthuka, ndipo chipsera chinadula nsidze yake yakumanja pakati.

"Mwandidzidzimutsa, achimwene," anatero Sipanala. "Ndinu alonda a pano?"

Munthuyo ankangoyenda naye, phazi ndi phazi, maso ali kutsogolo.

"Mwaikweza bwino," anabwereza. "Koma paipi mwaiiwala."

"Paipi iti?"

"Ya buleki. Yakumbuyo. Galimoto yatalika, paipi sinatalike. Pamsewu wosalala imanama kuti ili bwino. Potsika phiri, tayala likagwera m'dzenje, imakokeka... n'kuduka."

Sabata yonseyo palibe amene analowa pansi pa Nkhalamba koma Sipanala yekha. Za phiri sanauze munthu kupatula a m'banja.

Kenako anazindikira china. Msewuwo unali wa timiyala. Nsapato zake zinkalira, tswa, tswa, tswa. Za mnzakeyo... zii.

Anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chinali chimodzi.

Chake chokha!

Anafuna kuthawa. Sanathe.

"Phazi limangofika pansi," anatero munthuyo motsitsa, ngati akudziyankhula yekha. "Umaponda... umapondanso... palibe. Ndiye umangoona mitengo ikubwera."

"Ndinu... ndinu ndani?"

"Amene mukamunyamule mawayo amaopa potsetsereka. Muzikamuyankhulitsa. Asamakayang'ane pansi."

Galu anauwa chapatali. Sipanala anacheukira komweko, kamphindi chabe. Pobweza maso...

Msewu wokha!

Panalibe tchire loti munthu n'kubisalamo. Panalibe khoma. Fungo lokha ndi limene linatsala.

Anathamanga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wa mawondo olira ngati chitseko chadzimbiri, anathamanga osacheuka mpaka anaona nyali ya pakhonde pake.

Anapeza mkazi wake ali maso, atatsamira mapilo.

"Mwatani, bambo? Mukupuma ngati mwakankha lole."

"Nkhalamba yandikana pa mlatho. Gonani, mayi, ndikaitenga kukacha."

Sananene zambiri. Anakhala pampando pafupi ndi bedi, nsapato zili kuphazi, mpaka kunja kunayera.

M'mawa anakwera njinga, bokosi la zitsulo lili kumbuyo. Pa galaja yakale ija anadutsa akupalasa ndi mphamvu zonse, ngakhale dzuwa linali litatuluka ndipo panalibe china koma mbuzi ziwiri. Chimene chinazimitsa galimoto chinali chamanyazi kuchinena: waya wa batire anali atamasuka. Anamumanga, injini n'kulira nthawi yomweyo. Akanatha kungokwera n'kumapita. Koma anatulutsa jeke, anakweza kumbuyo mpaka tayala linalendewera m'malere, n'kukwawira pansi.

Paipi ya buleki inali itakokeka ngati chingwe cha gitala. Pamene imalumikizana ndi chitsulo, labala anali atayamba kung'aluka. Anadinikiza ndi chala chachikulu, dontho la mafuta n'kutuluka.

Anakhala pafumbi nthawi yaitali, manja ali pamutu. Zaka makumi anayi ali pantchito imeneyi. Iye mwini anali atakalipirapo anthu ambirimbiri chifukwa chokweza galimoto osatalikitsa mapaipi. Koma sabata imeneyo mutu wake unali ku mankhwala ndi kuchipatala, ndipo chinthu chophweka chotero chinamudutsa.

Anaiyendetsa mwaulemu mpaka kugalaja. Anasintha mapaipi onse, akutsogolo ndi akumbuyo, n'kuika aatali. Mnzake wowotcherera wa khomo loyandikana anamupondera buleki, iye ali pansi kutulutsa mpweya, mpaka chopondera chinalimba ngati mwala.

"Lero mwaikonda bwanji buleki, a Sipanala? Mwaiyesa kasanu."

"Pondaninso kamodzi," anayankha.

Ananyamuka dzuwa lili paliwombo. Mkazi wake anamukhazika kutsogolo, mapilo mbali zonse, bulangete pamiyendo. Phula litatha, Sipanala analowetsa folo wilo ndi giya yaing'ono, Nkhalamba n'kuyamba kukwawa pamiyala ngati fulu wodziwa kwawo. Masipuling'i atsopano ankagwira ntchito yake. Mayiyo, amene kwa miyezi anali wosayankhulayankhula, anayamba kuloza.

"Apo panali sitolo. Tinkagulapo maswiti amizeremizere. Uko, pali mitengo iwiriyo, kunali sukulu yathu."

Panalibe sitolo, panalibe sukulu. Panali udzu ndi milu ya njerwa. Koma Sipanala ankavomera ngati akuziona.

Asanafike pamwamba, msewu unatsika mwadzidzidzi kulowera kumtsinje, phompho lili kumanzere. Zala za mayiyo zinakanirira pampando. Sipanala anayamba kuyankhula. Anamufunsa za diresi loyera lija, ngati matope anachoka. Anamunamizira kuti ndiye analoza njira yolakwika tsiku limenelo.

"Bodza! Munasochera nokha, bambo, ine ndinakuuzani!"

Ali mkati motsutsana, tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje. Galimoto inapendekeka. Sipanala anaponda buleki.

Inagwira.

Anapitiriza kukangana za diresi mpaka anawoloka.

Mlamu wake anawalandira pakhomo pa kanyumba kamatabwa, kamene anali atakakonza ndi manja ake. Mayiyo anakana kunyamulidwa. Anayenda yekha, atagwira mkono wa mwamuna wake, n'kusisita chitseko, zenera, khoma. Ankati zonse zachepa. Kale khondelo linali lalikulu moti ankathamangapo mpikisano.

Atapuma ndi kumwa tiyi, mlamuyo analowa kuchipinda n'kutuluka ndi envelopu yofiirira.

"Mlongo wanga, pokonza denga ndinapeza ichi chitapanikizika pa mtanda. Sindinafune kukuuza pa foni."

Chinali chithunzi chakale, chodyeka m'mbali. Mayiyo anachiyandikiza kumaso. Sipanala anasuzumira paphewa pake.

Mwamuna wa ovolosi ya mabatani achitsulo anali atatsamira boneti ya galimoto ya folo wilo, akumwetulira. Dzino lobenthuka. Chipsera pa nsidze yakumanja.

Kapu inamupulumuka Sipanala m'manja.

"Alamu... awa ndani?"

"Bambo athu. Apongozi anu amene simunawaone. Chithunzi chawo tinalibe ngakhale chimodzi." Mlamuyo anapukusa mutu. "Anali dalaivala wa kampani, galimoto ankakonza okha ku galaja ija ili pafupi ndi mlatho. Tsiku lina paipi ya buleki inawadukira potsetsereka paja mwadutsa, pamtsinje. Chaka chino zakwana zaka makumi asanu. Mlongo wanguyu sakonda kuzikamba."

Sipanala anakhala pansi pa sitepe. Ndipo anawauza zonse, kuyambira pamene nyali zinaphethira mpaka dontho la mafuta pa chala chake. Mlamuyo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Mayiyo anayang'anitsitsa chithunzicho. Kunja dzuwa linali kulowa kuseri kwa mitengo, ndipo injini ya Nkhalamba inkathetheka pang'onopang'ono pozizira.

"Bambo," anatero potsiriza, "munawaona atakalamba?"

"Ayi, mayi. Anali monga alili apamu. Mwana wathu woyamba ndi wamkulu kwa iwo."

Mayiyo anaseka kaseko kakang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya a masaya ake. Anapukuta chithunzicho ndi nsonga ya bulangete, mosamala, ngati akupukuta nkhope ya mwana.

"Taonani zake," anatero. "Ine imvi mbuu, bambo anga akadali mnyamata."