Uthenga Umodzi, Manambala Khumi ndi Anayi

Miyendo yanga sikhazikika, koma makutu anga sataya kanthu. Nkhani iyi ndinaitola pa Jenda, pamalo penipeni pomwe Felesta ndi Tumbikani anakumanirana podikira basi.

"Mwatopa chomene, asisi. Ndinyamuleko chikwamacho?" anafunsa Tumbikani.

"Yewo," anatero Felesta pothokoza. Mbwenu chikondi n'kuyambira pomwepo!

Felesta anali katswiri wa makompyuta ku Mzimba Boma. Anapanga yekha makina otumizira alimi mauthenga pafoni: za mvula, za mbewu, za matenda a ng'ombe. Koma alimi mazana awiri akangofunsa nthawi imodzi, makinawo ankauma gwaa!

"Usalire, duwa langa," ankatero Tumbikani. "Zikatheka, tikupita kwanu ku Edingeni, ndikaonekere kwa amalume ako."

Felesta anagwira ntchito miyezi itatu. Anaika mauthenga pamzere ngati kuchigayo, n'kugawira ntchitoyo makompyuta atatu. Anamutseguliranso Tumbikani khomo lakelake lolowera m'makinawo, kuti aziwayesa potumiza mauthenga.

"Uzitumiza ambirimbiri, wokondedwa, tione ngati apirira," anatero Felesta.

Tsiku la mvula yoyamba, mafoni zikwi zisanu analowa pakamodzi. Makina osagwedera ngakhale pang'ono! Mwana wa ku Edingeni ameneyo! Ndani akanalota?

Felesta akuyang'ana mzere wa mauthengawo ukuyenda, maso ake anaima. Uthenga umodzi wochokera kwa Tumbikani unkapita ku manambala khumi ndi anayi: "Duwa langa, ndiwe wekha padziko pano."

Foni yake inalira. Iye anali wachisanu ndi chinayi pamndandandawo.

Masana Tumbikani anafika akumwetulira. "Wapambana, mayi wa ana anga!"

Felesta anamutembenuzira kompyuta.

"Onse alandira, Tumbikani. Palibe wotsala. Akanakhala makina akale aja, bwenzi utabisala."

"Aaa, kumeneko kunali kuyesa chabe! Si unandiuza wekha?"

"Kuyesa? Nambala yachitatuyi yayankha. Ndi Angella wa ku Jenda. Akufunsa ngati ng'ombe za malowolo wazipeza."

Tumbikani anayamba kuchonderera.

"Ndapota, duwa langa..."

"Duwa liti? Pamndandanda pano alipo khumi ndi anayi."

Misozi inatsika, inde, koma Felesta anatseka khomo la Tumbikani lija m'makinamo.

"Makina angawa anyamula anthu zikwi zisanu lero," anatero Felesta. "Mtima wanga umanyamula mmodzi yekha, ndipo malowo wawataya. Tuluka, alimi akundidikira."