Dongo la Chitsime Chachitatu

Inspekitala anatsika basi mdima utagwa kale. Tauni yachilendo, msewu wopanda magetsi, sajeni wobwera mochedwa.

"Pepani bwana, galimoto inakana kulira."

"Mtembo uli kuti?"

"Pomwe unapezeka madzulo ano. Koma musadzivute, wakupha tamugwira kale."

Inspekitala anausa moyo. Mawu amenewa anawamvapo m'matauni ambiri. Kawirikawiri wogwidwayo amangokhala amene anali pafupi.

Malowo anali fakitale yakale ya utoto. Inatsekedwa, koma mankhwala ake anatsalira pansi, m'madzi. Kampani ina inabowola zitsime zisanu zoti zikoke madzi oipawo asanafike ku mijigo ya anthu. Kuseri kunali shedi ya malata. Mkatimo munali mabokosi aatali a matabwa, odzaza nthaka ndi miyala yotuluka pobowola, yobulungira ngati zidutswa za paipi. Pakati pa mabokosiwo panagona injiniya woyang'anira ntchito. Mutu unali utaphwanyika kunkhongo.

"Ndi Mfuko, uja wobowola," anatero sajeni. "Masana anatukwanizana ndi malemu. Mawa m'mawa ndimupititsa kukhoti."

"Chida chili kuti?"

"Adzanena yekha akagona m'chitokosi."

"Sajeni, ndafunsa chida. Maloto anu mukauze akazi anu."

Mfuko anali muofesi, unyolo m'manja, ovololo yodzaza girizi.

"Munakangana chiyani ndi malemu?"

"Anati ndibowolenso chitsime chachitatu. Ndinati bwana, nthaka si mboni yakukhoti, siisintha mawu mukaifunsa kawiri. Basi, anakwiya."

"Mushedi mumalowa?"

"Ine? A Dokotala angandidye wamoyo. Tsiku lina ndinaika mwala chozondotsa m'bokosi. Anandilalatira mpaka alonda anabwera kudzaonerera. Mwala uliwonse amaulemba kamuvi koloza kumwamba, ndipo uli ndi pake pogona. Ine ndimangosiya pakhomo n'kuthawa."

Dokotalayo sanali wachipatala. Anali katswiri wa miyala, mlamu wa malemu. Inspekitala anamupeza m'chipinda china, maso ofiira, ataima pafupi ndi chojambula chachikulu chopachikidwa pakhoma.

"Madzulo munali kuti?"

"Muyenera kumvetsa ntchito yathu kaye," anatero Dokotala. "Mutadula nthaka ngati buledi, mkati mungaoneke chonchi. Pamwamba mchenga. Pansi pake dongo, kuchokera chitsime choyamba mpaka chachisanu. Dongo lili ngati beseni, madzi oipa sadutsa. N'chifukwa chake mapampu athu amathera pamwamba pake."

"Ndafunsa komwe munali."

"Kunyumba, ndi mkazi wanga, mlongo wawo wa malemu. Koma za dongoli…"

"Ayi. Zikomo."

Inspekitala anabwerera kushedi ndi tochi. Njala, msana kuwawa, ndipo m'tauni yonse palibe woyankha chimene wafunsidwa. Anatsegula mabokosi limodzi limodzi. Fumbi lokhalokha. Anayetsemula, natukwana motsitsa.

Bokosi la chitsime chachitatu linamuimitsa. Pamene panalembedwa mamita makumi awiri panali chidutswa chimodzi choyera. Zinzake zonse fumbi, chokhacho ngati chasamba. Kunsi chinali chikadali chonyowa. Kamuvi kanaloza kolondola. Pothyokera panakumana bwinobwino ndi chinzake. Anachinyamula ndi kansalu. Chinali cholemera, cholimba, chong'aluka. Mumng'alu munatsalira tsitsi la imvi, longa la malemu.

"Sajeni! Itanani a Dokotala. Abwere ndi chojambula chawo."

Anachiyala pamwamba pa bokosi. Inspekitala anaika chala pa chitsime chachitatu, natsika nacho mpaka mamita makumi awiri.

"Apa mwati pali chiyani?"

"Dongo."

Anaika mwalawo pachojambulapo. Unalira, gu!

"Dongo limaswa mutu wa munthu, a Dokotala?"

Inspekitala anapitiriza.

"Chigawenga chikanautaya m'ngalande. Mfuko akanauika chozondotsa. Koma wakuphayu anautsuka, n'kuubweza pogona pake, kamuvi kuloza kumwamba. Dzanja lozolowera silinama."

Dokotala anakhala pansi, pasimenti pomwepo.

"Ndinajambula chachitatu chisanabowoledwe," anatero. "Dongo uku, dongo uko. Ndinangolumikiza ndi rula. Ambiri timatero."

"Kenako?"

"Kenako panatuluka mwala wong'aluka. Beseni lija ndi lobowoka. Madzi oipa akutsikira pamenepo, pansi pa mapampu athu, kulunjika ku mijigo. Ndinali nditasaina kale. Ndinatseka bokosi, ndinakhala chete."

"Alamu anu analitsegula."

"Lero. Anati mawa akanena ku bungwe la madzi, mijigo itsekedwe, ine andilande chiphaso cha ntchito. Ndinati alamu, tikambirane ngati abale. Anati abale awo ndi amene akumwa madziwo. Anatembenuka kuti azipita. Mwala unali m'manja mwanga."

Sajeni anakanda mutu. "Nanga bwanji osautaya, akulu?"

Dokotala anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana.

"M'bokosi mukanatsala mpata."

"Masulani Mfuko," anatero Inspekitala. "Mupepese. Pakamwa, osati mumtima."

M'bandakucha anali pokwerera basi. Sanagone, sanasambe. Tsidya la msewu amayi anali atafola kale pa mjigo ndi zidebe zawo. Sajeni anafika akuthamanga, botolo m'manja.

"Madzi a paulendo, bwana. Ozizira, ndangotunga apa."

Inspekitala anayang'ana botolo, anayang'ana sajeni.

"Usiku uja munalipo, eti? Munamva zonse?"

"Ndinamva, bwana. Koma kutseka mjigo si ntchito ya polisi. Tidikira a bungwe."

"Unyolo munamangira Mfuko uja uli kuti?"

"Uli m'thumba."

"Kamangeni mjigo. Kamodzi kokha unyolowo umange choyenera."

Basi inaliza hutala. Anakwera, anakhala pawindo, kukhosi kuli gwa ndi ludzu. Sanachotse maso mpaka ataona sajeni akuwoloka msewu, unyolo ukulendewera, amayi atayamba kale kumulalatira.