Chingwe cha Malemu Kokani

Chachilendo choyamba chinali mbedza. Madzulo Nasipanala anali ataikoloweka pamalo pake kutsogolo kwa galimoto, koma m'mawa anaipeza ili pansi m'matope, chingwe chachitsulo chitatuluka mu winchi, makina ake okokera magalimoto, n'kupiringizana ngati chaseweretsedwa ndi ana.

Nasipanala anali mayi wokonza magetsi a magalimoto. Dzinalo anamupatsa ndi madalaivala pofuna kumuseka, iye n'kulilandira ndi manja awiri. Galimotoyo, ya matayala akuluakulu ndi winchi kumphuno, inali ya mwamuna wake, amene ankatchedwa Kokani chifukwa ntchito yake inali yokoka magalimoto otitimira m'matope. Kokani atamwalira, mayiyu anakhala yekha pachiwongolero, ndipo ana ake ankadyera pagalimoto imeneyi. Mvula inali itangoyamba, nyengo imene winchi imadyetsa banja.

Mlonda wa pagalajapo anamukokera pambali.

“Mayi, chinthuchi chimabuula usiku,” ananong'ona. “Chimayamba ndi ka, ka, kenako n'kumalira chokha popanda wochigwira.”

“Makina sabuula, bambo. Pali waya wakhudzana ndi unzake,” anayankha Nasipanala.

Tsiku lonse anali pansi pa galimoto. Anatsegula kabokosi ka masiwichi, anapala dzimbiri, anamangitsa mawaya a ku batire, ndipo chowongolera cha winchi, chija chokhala ndi chingwe chake, anachitenga kukagona nacho kunyumba. Kutacha anapeza mbedza ili pansinso, mlonda atakhala kunja kwa geti maso ali psuu.

Nkhani yotere simafuna wailesi. Ena ankati Kokani akufuna galimoto yake, ena ankati anamuona atatsamira pabampala mvula ikugwa koma osanyowa. Madalaivala amene ankaimba foni akatitimira anayamba kuimbira kwina. Kenako kunabwera alamu ake, mng'ono wake wa malemu, atavala jekete ya achimwene awo yomwe anatenga pogawana zovala. Anabwera ndi apongozi, mayi ake a Kokani, omwe anali atatupa maso ndi kulira.

“Mlamu, ifetu sitikufuna ndewu,” anatero alamuwo mofatsa kwambiri. “Koma achimwene sakugona. Sakufuna mkazi pagalimoto yawo. Ikaliranso, ndiitenga ndikaisunge ine.”

Apongozi anangogwedeza mutu kuvomereza, ndipo kugwedezako kunamupweteka Nasipanala kuposa mawuwo.

Usiku umenewo Nasipanala anakhala yekha m'galaja, chitseko chili chotsekula pang'ono. Mdima unali wandiweyani moti galimoto inkangooneka ngati chulu pabwalo. Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'chitini chakale cha oilo, achule ankalira kungalande, kenako onse anangoti zii nthawi imodzi. Ndiye kunamveka ka. Patapita kamphindi, ka. Winchi inayamba kulira pansipansi, chingwe chikukhulana, mbedza ikukwawa m'matope yokha kulunjika pakhomo pamene iye anakhala. Anachita mantha, tisanamizane. Dzina la mwamuna wake linafika pamilomo.

Koma khutu la mmisiri siligona ngakhale mwini wake akunjenjemera. Winchiyo inkatulutsa chingwe, n'kuima, n'kubweza, n'kutsamwa, ngati ili m'manja mwa munthu wosaidziwa. Kokani sanaigwirepo chonchi. Iye ankakulunga chingwe pang'onopang'ono atachigwira ndi golovesi, mzere uliwonse kugona pambali pa unzake, ndipo pomaliza ankamanga kansanza kofiira pambedza. Munthu amene ankakalipa akaona mzere umodzi wakwera pa unzake sakanadzuka kumanda kudzapanga chisokonezo chimenechi. Mantha aja anasanduka ukali, chifukwa wina ankanyozetsa ntchito ya mwamuna wake.

M'mawa anatsata waya uliwonse ndi chala mpaka kuseri kwa bampala, kumene anapeza kabokosi kena kakang'ono kokutidwa ndi matope ouma, kali ndi kawaya konga mchira wa khoswe. Kanali kolandira mauthenga a limoti, chowongolera china cha winchi chopanda chingwe. Limotiyo onse ankati inatayika kalekale, koma apa anakumbukira kumene Kokani ankakonda kuisunga: m'thumba la m'kati la jekete.

Sanauze munthu. Anachotsa mawaya onse opita ku mota ya winchi n'kuwaika m'chikwama chake, ndipo kabokosi kaja anakalumikiza ku hutala ndi ku nyali zazikulu za padenga la galimoto. Nyalizo anazitembenuzira kumpanda, pomwe panali lata lobooka. Madzulo anapita kukatenga apongozi.

“Amayi, tiyeni mukamumve nokha mwana wanuyo,” anatero. “Ngati alidi iye, makiyi ndikupatsani ndi manja anga.”

Anakhala awiri mumdima muja, apongozi atafunda nsalu mpaka kumutu, akupemphera chamumtima. Madzi ankadontha m'chitini. Achule analira, n'kusiya. Mwadzidzidzi hutala inang'amba usiku wonse, nyali zinayaka, ndipo pakati pa kuwalako, pabowo la mpanda, panali munthu atanjuta, atavala jekete ya Kokani. Apongozi anamugwira mkono Nasipanala mwamphamvu, koma munthuyo atatukula nkhope anali alamu aja, chala chidakali pa limoti. Chifukwa cha mantha ankangodinabe, ndipo hutala inkangomuitanira anthu a m'nyumba zoyandikana.

Apongozi anaimirira n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pampanda.

“Vula jeketeyo,” anatero. “Siikukwana.”

Anailandira, anaipinda bwinobwino, n'kuipereka kwa mpongozi wawo pamodzi ndi limoti ija, anthu onse akuona. “Galimoto ndi yako, mwanawe. Mwana wanga anakwatira mmisiri.”

Nasipanala anagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi. Chingwe anachisiya chili chopiringizana m'matope kuti adzachikonze kukacha, mawaya a mota ali m'chikwama, limoti ili pansi pa pilo.

M'mawa anapeza mlonda ataima patali ndi galimoto, chipewa chili m'manja.

“Mayi, sindinagone, ndipo sindinamve kanthu,” ananong'ona. “Koma taonani.”

Chingwe chonse chinali chitakulungidwa, cholimba, mzere uliwonse utagona pambali pa unzake, popanda ndi umodzi womwe wokwera pa unzake. Mbedza inali pamalo pake, yopukutidwa matope. Ndipo pambedzapo panali kansanza kofiira, kamene sikanaonekenso chimwalirire Kokani.

Nasipanala anasuzumira m'chikwama. Mawaya anali momwemo. Anayendetsa chala pamizere ija kuyambira koyamba mpaka komaliza, ndipo mumtima munadzaza kunyada kumene sanakumvepo ngakhale tsiku la ukwati wake.

“Iyi ndiye ntchito yanu, bambo a ana,” anatero motsitsa mawu. “Ndaiona.”

Foni inalira m'thumba mwake. Lole inali itatitimira kutsidya kwa mlatho. Anavala jekete ija, anapinda manja ake chifukwa inali yaikulu, n'kugwada kubwezera mawaya pamota.