Owami ndi Chombo Chopita ku Mars

Owami anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Dubai, ku Discovery Gardens. Ankakhala ndi Amayi ndi Adadi. Owami anali ndi vuto limodzi. Mawu aatali a Chichewa ankamuvuta.

Chaka chimenecho kunali mliri wa korona. Owami sankapita kusukulu. Sukulu inali pa kompyuta. Anzake ankaoneka m'timabokosi ting'onoting'ono. Aphunzitsi a Norah nawonso anali m'kabokosi kawo.

Tsiku lina Aphunzitsi anaonetsa chithunzi. Chinali chombo cha m'mlengalenga. Chinali ndi mapiko awiri otapa mphamvu ya dzuwa. M'chombomo munalibe munthu. Munali makina ndi kamera.

Aphunzitsi anafotokoza pang'onopang'ono. Chombochi chinali cha dziko la Emirates, komwe kuli Dubai. Chinanyamuka mwezi wa Julaye. Chinkapita ku Mars. Mars ndi dziko lofiira. Lili kutali, kutali kwambiri. Chombochi chinkapita kukaona nyengo ya kumeneko. Chikaone mphepo. Chikaone fumbi. Chikaone mitambo.

"Dzina lake m'Chiarabu ndi Al Amal," anatero Aphunzitsi. "Chikafika, aliyense adzatchule dzinali m'chilankhulo cha kwawo."

Owami anathamangira kukhitchini. Anafunsa Amayi za dzinalo.

"M'Chichewa ndi Chiyembekezo," anatero Amayi.

Owami anayesa. "Chiye... chiyende..."

Lilime linakana. Anayesanso. "Chiyembe... chiyembezo." Lilime linakananso. Owami anagwetsa nkhope. Anzake onse adzatchula bwino. Iye yekha adzalephera.

Adadi a Owami dzina lawo linali a Kizito. Anali mlonda pa hotela ina ku Al Barsha. Sabata imeneyo anawayeza. Anawapeza ndi korona. Sanabwere kunyumba. Anakhala okha m'chipinda china kutali. Mpando wawo unali wopanda munthu. Nsapato zawo zinali phee pakhomo. Owami anawasowa kwambiri.

Madzulo Adadi anaimba foni. Owami anaona nkhope yawo. Maso awo anali otopa. Anatsokomola pang'ono, kenako anamwetulira. Owami anawauza za dzina lovuta lija.

"Mawu aatali ali ngati ulendo wautali," anatero Adadi. "Timayenda pang'onopang'ono. Yalla, tiye, omba m'manja."

Adadi anaomba. "Chi."
Owami anaomba. "Chi."
Adadi anaomba. "Ye."
Owami anaomba. "Ye."
"Mbe." "Mbe."
"Ke." "Ke."
"Zo." "Zo."

Madzulo alionse Adadi ankaimba. Madzulo alionse ankaomba m'manja. Tizidutswa ta dzinalo Owami ankatitha. Koma akafulumira, lilime linkapunthwa.

Mwezi wa Febuluwale unafika. Tsiku lalikulu linafika. Nyumba zazitali za mu Dubai zinawala mofiira. Milatho inawala mofiira. Mzinda wonse unavala mtundu wa Mars.

Owami ndi Amayi anakhala pa sofa. Anayatsa wailesi yakanema. Foni anaitsamiritsa pa kapu. Adadi nawonso ankaonera ali m'chipinda chawo.

Pa kanema panali akatswiri ambiri. Ena anali abambo. Ena anali amayi. Onse anavala masiki. Onse ankayang'ana makompyuta awo.

Amayi anafotokoza zimene zinkachitika. Chombo chinkathamanga kwambiri. Tsopano chinayenera kuchepetsa liwiro. Chikachepetsa bwino, chiyamba kuzungulira Mars. Chikalephera, chipitirira n'kusochera. Palibe amene akanachithandiza. Chinali kutali kwambiri.

Akatswiri anadikira. Amayi anadikira. Adadi anadikira.

Owami anayang'anitsitsa kanema. Anaganiza za chombo chija. Chinali chokha, kutali ndi kwawo. Anayang'ana foni. Adadi nawonso anali okha, kutali ndi kwawo. Owami anagwira dzanja la Amayi.

"Limba mtima, Chiyembekezo," ananong'ona.

Amayi anatembenuka. "Watinji, mwanangu?"

"Ndati limba mtima, Chiyembekezo."

Owami anagwira pakamwa. Dzina lonse linatuluka. Lilime silinapunthwe. Pa foni Adadi anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako pa kanema munthu wina anaimirira. Ananena kuti uthenga wafika. Chombo chachepetsa liwiro. Chombo chikuzungulira Mars. Akatswiri onse anaimirira. Anaomba m'manja. Ena anapukuta misozi. Kunja magalimoto analiza mahutala. Amayi anaimba nthungululu. Owami analumphalumpha pa sofa, ndipo Amayi sanamuletse.

M'mawa sukulu inayamba. Timabokosi tonse tinadzaza nkhope. Mnyamata wa ku India anatchula dzina la chombo. Mtsikana wa ku Philippines anatchulanso. Kenako Aphunzitsi anaitana Owami.

Owami anakhala tsonga. "Ine kwathu ndi ku Malawi," anatero. "M'Chichewa timati Chiyembekezo."

Aphunzitsi anayesa kutchula. Lilime lawo linapunthwa. Ana anayesa. Malilime awo anapunthwa. Onse anaseka.

"Ndi dzina lokongola," anatero Aphunzitsi. "Tiphunzitse, Owami."

Owami anakweza manja. Anaomba. "Chi." Timabokosi tonse tinaomba. "Chi." Anapitiriza mpaka "Zo." Tsiku limenelo kalasi yonse inalankhula Chichewa. Mphunzitsi wake anali Owami.

Patapita masiku angapo, wina anagogoda pakhomo. Owami anatsegula. Anali Adadi. Madokotala anali atawayezanso, ndipo anali atachira.

"Khalas, basi," anatero Adadi. "Korona yatha. Ndabwera."

Owami anawakumbatira m'miyendo. Sanafune kuwasiya.

Dzuwa litalowa, onse atatu anatuluka pakhonde. Adadi anamunyamula Owami paphewa. Analoza kumwamba. Kunali kadontho kakang'ono kofiira. Kameneko kanali Mars.

Owami anawauza zimene anaphunzira kusukulu. Anthu a dziko lino akufuna kudzamanga mzinda ku Mars. Koma zidzatenga zaka pafupifupi zana.

"Zaka zana ndi zambiri," anatero Adadi. "Iwe udzakhala agogo okalamba kwambiri."

Owami anaganiza pang'ono. "Palibe vuto," anatero. "Ine ndikakula ndidzapanga chombo. Adzukulu anga ndi amene adzakwere."

"Nanga ife?" anafunsa Amayi.

"Inu mudzabwere kudzaona ndikupanga. Ndidzakusungirani mipando yakutsogolo."

Adadi anaseka. Amayi anaseka. Anakhalabe pakhonde atatu onse, maso ali kumwamba, mpaka khosi la Adadi linatopa.